Phunziro 7: Galu Wapakhomo ndi Udindo wa Mwini Wake

M'phunziro lapitali tinakambirana za ziweto zimene zimatipatsa nyama, mkaka ndi ndalama. Tsopano tiyeni tione zina zomwe sitidya koma timakhala nazo pakhomo, makamaka galu ndi mphaka. Kwathu kuno galu sakhala chabe. Amalonda, amasaka, amathamangitsa anyani m'munda. Mphaka naye ntchito yake ndi makoswe a m'nkhokwe. Komabe inu mukudziwa kuti galu timamupatsa dzina, ndipo akafa ana amalira. Funso lathu ndi ili: munthu akatenga kagalu n'kukaika pakhomo pake, kodi watenga udindo wotani, nanga udindowo umatha liti?

Zimene zinachitika ku Macheke

Macheke ndi tauni yaing'ono m'chigawo cha Mashonaland East ku Zimbabwe, pamsewu wochoka ku Harare kupita ku Mutare, mukangopitirira Marondera. Dera limeneli linatchuka ndi mapulazi akuluakulu a fodya. Ambiri mwa antchito a m'mapulaziwo anali ana ndi adzukulu a anthu amene anachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kukafuna ntchito, n'chifukwa chake Chichewa ndi gule wamkulu zinazika mizu m'makomboni.

Papulazi pankakhala agalu amitundu iwiri. Kunyumba ya mwini pulazi, kuseri kwa mpanda wa waya, kunali agalu onenepa, obayidwa katemera, ena ogona m'nyumba momwe. Kukomboni kunali agalu achikuda, odya mikute ndi gaga. Kusiyana kumeneku sikunayambe dzulo. Boma la atsamunda la Southern Rhodesia linaika msonkho wa agalu mu 1912, ndipo agalu a anthu akuda ankaonedwa ngati opha nyama zakutchire ndi ofalitsa matenda.

Mu 2000 kunayamba kulanda mapulazi m'ndondomeko yogawanso malo. Nkhani ya malo payokha ndi yaikulu, ili ndi mbiri yake, ndipo sitiiweruza muno. Pa 15 Epulo chaka chimenecho David Stevens, mlimi wa pa Arizona Farm ku Macheke, anagwidwa n'kukaphedwa kudera la Murewa. Kuchokera pamenepo mabanja ambiri m'madera osiyanasiyana ankachoka papulazi mothawa, nthawi zina atangopatsidwa maola ochepa. Kumbuyo kunkatsala agalu otsekeredwa kumpanda, amphaka m'nyumba zokhoma, akavalo ndi ng'ombe zopanda wozimwetsa madzi. Antchito nawo akathamangitsidwa kukomboni ankanyamula ana ndi mapoto. Galu ukamukweza bwanji pa lole ya eni ake, pomwe iwe mwini sukudziwa kumene ukagone?

Bungwe loteteza nyama ku nkhanza la ZNSPCA linayamba kulowa m'mapulazi otere kukatulutsa nyamazo. Amene ankatsogolera ntchitoyi anali mayi Meryl Harrison, mkulu wa oyendera m'bungwelo, ndipo ankatsamira pa lamulo la dzikolo loletsa kuchitira nyama nkhanza. Mbiri ya ntchitoyi inalembedwa ndi Catherine Buckle m'buku lotchedwa Innocent Victims lomwe linatuluka mu 2009.

Taganizirani za galu wotsekeredwa uja. Nkhandwe ikamva njala imadziwa kopita. Koma galuyu kuyambira ali kamwana chakudya chake chimachokera m'dzanja la munthu, madzi ali m'mbale yomwe munthu amadzaza, ndipo geti amatsegula ndi munthu. Sanapemphe kubwera pakhomopo. Ife ndi amene tinamuchotsa kwa make, tinamuzoloweza kudalira ife, tinamumangira mpanda. Apa ndi pamene pagona udindo wa mwini chiweto. Sukuchokera pa chikondi ayi, pakuti chikondi chimazirala. Ukuchokera pakuti tinachititsa dala cholengedwa chomva njala, ludzu, ululu ndi mantha kuti chisathe kudzisamala chokha. Tsono udindo wotere sungathe chifukwa choti galu wakalamba, kapena tasamutsidwa sukulu, kapena chaka chino sitinakolole. Munthu amene wathawa imfa sitingamuimbe mlandu. Koma ambiri a ife timasiya galu popanda wotithamangitsa, kungoti tapeza nyumba ya lendi m'tauni basi.

Funso lomwe ophunzira anu adzafunsa

Mukadzaphunzitsa nkhaniyi kwa ana okulirapo, wina adzaimika mkono n'kunena kuti, "Aphunzitsi, anthu ankavutika, inu mukudandaula za agalu?" Musamukhazike pansi msanga mwana ameneyu, ali ndi mfundo. Mu Malichi 2002 mlimi wina, Terry Ford, anaphedwa kudera la Norton, ndipo chithunzi cha kagalu kake, Squeak, katadzipinda pambali pa mtembo chinatuluka m'manyuzipepala a m'maiko ambiri. M'zaka zomwezo antchito a m'mapulazi zikwizikwi anataya ntchito, nyumba ndi sukulu za ana awo, ndipo lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri ochokera ku Malawi ngati alendo m'dziko lomwe anabadwiramo, mpaka malamulo aakulu a 2013 anakonzako zina. Maina awo ndani anawamva kunja? Munthu amene anakulira kukomboni akuona galu wa bwana akudya nyama iye akudyera nyemba tsiku ndi tsiku sangaimve nkhani ya "ufulu wa agalu" popanda kuwawidwa mtima.

Kunena zoona, kukonda galu kwinaku ukunyoza munthu amene akumusambitsa galuyo ndi khalidwe loipa, ndipo ana auzidwe choncho mosabisa. Koma taonaninso mbali inayi. Wolakwa pamenepo ndi munthu, si galu. Galu wofa ndi ludzu kuseri kwa mpanda sanabweze ntchito ya wina aliyense. Ndipo amene amayamba kuvutika agalu akasiyidwa okhaokha ndi osauka omwewo, monga muonere pansipa.

Chiwewe

Galu wosiyidwa akapulumuka amayamba kuyendayenda, amaswana mosaletseka, sabayidwa katemera. M'madera a mapulazi a ku Mashonaland nkhandwe zakhala zikufalitsa chiwewe kwa zaka zambiri, ndipo galu woyendayenda ndiye amachitenga kutchire kubwera nacho pakhomo. Bungwe la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri a iwo ku Africa ndi ku Asia, ndipo mwa anthu 10 alionse omwalirawo pafupifupi 4 ndi ana osakwana zaka 15. Amenewo ndi ana a msinkhu wa m'kalasi mwanu, amene amayenda wapansi m'tinjira ta m'thengo. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, chiwewe sichichizika.

Chosangalatsa n'chakuti agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa katemera, matendawa amasowa podutsira. Ku Blantyre, mu 2015, bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 okha, ndipo ana asukulu anaphunzitsidwa za matendawa pamodzi ndi ntchitoyo. Choncho kupita ndi galu kukatemera si chifundo kwa galu yekha, ndi ngongole kwa mwana wa mnansi wanu. Mwana akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka muthamange naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale balalo likhale laling'ono. Osamangapo nsanza n'kudikira kuti tione mawa.

Nanga wosauka asawete galu?

Ayi, si zimenezo. Akatswiri a ziweto amatsata mfundo zisanu zomwe zinachokera ku lipoti la Brambell la ku Britain mu 1965: chiweto chisakhale ndi njala ndi ludzu, chikhale ndi pogona pabwino, chisasiyidwe ndi ululu kapena matenda, chisakhale mwamantha, ndipo chizitha kuchita zomwe mtundu wake umachita. Palibe mfundo yonena za chakudya cha m'sitolo. Nsima yotsala ndi mitu ya usipa, chigoba cha madzi pamthunzi ndi thumba logonapo zikukwanira. Chimene chimatigwetsa ambiri ndi mfundo yomalizayo. Galu womangidwa pa tcheni chachifupi usana wonse padzuwa, ati kuti akhale wolusa, amalusadi, koma amayambira kuluma ana a pakhomo pomwepo. Kwinanso timalakwa pa kuchuluka. Agalu asanu pakhomo lokwanitsa kudyetsa mmodzi ndi njala yogawana, ndipo mapeto ake ndi tiana ta agalu totayidwa kumtsinje. Funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu za kufula ndi kutseka agalu.

Pophunzitsa samalani kuti musachititse manyazi mwana amene kwawo galu ndi woonda. Mwina mwanayo naye sanadye m'mawa.

Ntchito yoti muchite

Funsani ophunzira anu kuti aliyense awerenge agalu ndi amphaka a pakhomo pawo, ndipo afunse makolo kuti galu aliyense anabayidwa liti katemera. Phatikizani manambalawo pabolodi ndipo muone ngati mwafika pa 70 mwa 100. Kenaka, m'magulu, akambirane nkhani iyi: banja lina lauzidwa kuti lichoke kukomboni pofika mawa masana, ndipo lili ndi galu wokalamba ndi mphaka woyamwitsa. Kodi lichite chiyani usiku uno, ndipo lingapemphe ndani? Lembani mayankho atatu amene anakudabwitsani ndi mmene inu munawayankhira, m'mawu osapitirira 200, ndipo mutumize kwa mphunzitsi wanu pamodzi ndi ntchito ya gawo lino.