Hita ikadontha, yakutsinani khutu

AKULU akale anati wakutsina khutu ndi mnansi. Mwambiwu tonse timaudziwa, koma ukafika pa galimoto timauiwala. Lero awerengi ndiloleni ndikambepo za kachipangizo kamene ambiri sitinakaonepo ndi maso chifukwa kamakhala kuseri kwa dashibodi. Ndikunena hita.

Ndikudziwa ena mwayamba kale kuseka. Hita m'Malawi muno, dziko lotentha chonchi? Inenso ndinkaseka chimodzimodzi mpaka mu July chaka cha 2024.

Malume anga amakhala chakufupi ndi Mbulumbuzi m'boma la Chiradzulu. Ali ndi kagalimoto kakale kochokera ku Japan, kamene amanyamulira matimati ndi kabichi kupita ku msika wa Limbe. Tsiku limenelo ndinakwera nawo. Tinanyamuka cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, kunja kuli chiperoni, kamvula kowaza kaja kamene kamalowa mpaka m'mafupa. Phiri la Chiradzulu silinkaoneka n'komwe.

Tisanapite patali ndinamva kafungo kotsekemera, ngati wina akuphika shuga pamoto. Kenaka galasi lakutsogolo linayamba kuchita nthunzi cham'kati. Ndinapukuta ndi kansalu, koma m'malo moyera linangoti mbuu ngati ndapakapo mafuta. Mapazi anga nawo anali atanyowa, madzi ake ofunda.

"Malume, pansi pano pali madzi," ndinatero.

"Ndi mame amenewo mphwanga. Tangopukuta galasilo, tachedwa."

Chakufupi ndi Njuli, mwa chifunga chija munatulukira bambo wina pa njinga, atamangirira chigubu cha mkaka kumbuyo. Tinamuona tili naye pafupi kwambiri. Malume anakhotetsa chiwongolero, galimoto n'kutsetserekera m'mbali mwa msewu. Munthu uja anapulumuka, ndipo sindikukhulupirira kuti anadziwa kuti imfa yamudutsa pamphuno. Titaima m'pamene tinaona kuti muvi woonetsa kutentha kwa injini wafika pofiira.

Tinadikira kuti injini izizire, tinathiramo madzi opempha pa nyumba ina, n'kuyenda pang'onopang'ono. Ku Limbe tinafika dzuwa litakwera, ogula ambiri atapikula kale kwa ena. Matimati tinagulitsa motaya.

Kuchoka apo tinapita pa galaja ina yapansi pa mtengo. Mnyamata wake anangosuzumira pansi pa dashibodi, n'kununkhiza kapeti.

"Madala, hita yabooka iyi. Musavutike, tingoidumphitsa. Kuno si ku Japan, hita njachiyani?"

Mphindi makumi awiri zisanathe ntchito inali itatha, mtengo wake wosaboola m'thumba. Malume anabwerera kumudzi akuimba mluzu.

Tsono ndifotokoze kaye chimene chinabookacho, poti ambiri timangomva dzina. Injini ikamayenda imatentha kwambiri, ndipo chimene chimaiziziritsa ndi madzi ozungulira m'kati mwake kudzera ku rediyeta ya kutsogolo ija. Madzi amenewa amatentha mpaka cha m'ma digiri 90. Opanga galimoto anaona kuti kutentha kumeneku kusangotayika. Anaika karediyeta kena kakang'ono, kukula kwake ngati buku lochindikala, kuseri kwa dashibodi. Mapayipi awiri a rabala amachoka ku injini n'kuboola khoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu. Ina imalowetsa madzi otentha, inzake imawabweza. Mukayatsa hita, fani imapemerera mpweya kudutsa pa karediyeta kameneka, mpweyawo n'kutuluka wofunda.

Apa mfundo ndi yakuti madzi a mu hita ndi omwewo a mu injini. Hita ikadontha, ikutaya madzi a injini, ndipo ikuwatayira m'kati mwa galimoto momwe simungaone chithaphwi pansi. N'chifukwa chake munthu amathira madzi m'mawa uliwonse, n'kumadabwa kuti akupita kuti pomwe pansi pa boneti pali pouma. Kwezani kapeti ya kutsogolo, makamaka kumanzere kokhala wokwera. Ikakhala yonyowa ndi madzi oterera, kapena mukamva kafungo kotsekemera kaja, kapena galasi likamachita nthunzi yamafuta mukayatsa fani, dziwani kuti nkhani ndi yomweyo.

Palinso china. Chitsekerero cha rediyeta chimasunga mphamvu ya mpweya m'kati kuti madzi asawire msanga. Pakakhala pobooka, mphamvu ija imathawa. Ndiye kuno kumtunda kwa Chiradzulu, Blantyre ndi Zomba, kumene tili pafupifupi mamita 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, madzi wamba amawira asanafike pa digiri 100. Injini yotentha madigiri 90 ikukwera chitunda itanyamula katundu, madzi opanda chowatsekera, mukuona kuti mpata wake ndi wochepa zedi.

Kodi mnyamata wa pa galaja uja analakwa? Pa tsikulo ayi. Kudumphitsa hita, kutanthauza kuchotsa mapayipi awiri aja n'kuwalumikiza okhaokha kuti madzi asalowenso m'kati, ndi nzeru yabwino yofikira kunyumba. Amakaniko a dziko lililonse amachita. Chofunika n'chakuti alumikize ndi kachitsulo kokhota kapena kapayipi koyenera, amange ndi makilampu osati waya kapena mphira wa chubu, payipi isapindike mpaka kutseka njira ya madzi, ndipo atulutse mpweya wotsalira m'kati asanakuuzeni kuti nyamukani. Zikatero galimoto imayenda bwinobwino.

Chimene ndikukana ine ndi mawu aja akuti "hita njachiyani". Mawu amenewa ndi amene akutipweteka.

Choyamba, hita si yofunditsa mapazi okha. Mpweya wofunda umene umawomba pa galasi lakutsogolo ndi umene umachotsa nthunzi. Galimoto imene AC yake ikugwira ntchito ikhoza kuumitsa galasi ndi AC yomweyo, koma tinene zoona, ndi magalimoto angati a matola amene AC yake ili moyo? Ambiri inafa kalekale. Ndiye mukachotsanso hita, chotsala ndi kansalu m'dzanja limodzi, chiwongolero dzanja linalo. Mu October palibe vuto. Koma mu June ndi July, chiperoni chikabwera kuchokera ku Mozambique n'kukuta mapiri athu ano, anthu asanu ndi awiri akupuma m'galimoto yotseka mawindo, woyendetsa amakhala wakhungu. Ndipo nthawi yake ndi yomwe msewu wa Limbe kupita ku Zomba umadzadza ndi a njinga za mkaka, amayi osenza madengu a ndiwo zamasamba, a kabaza ndi ana a sukulu. Ambiri mwa iwo alibe nyali kapena chovala chowala.

Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, hita sibooka popanda chifukwa. Timachubu take ndi topyapyala kwambiri, ndiye dzimbiri likayamba kudya m'kati, malo oyamba kugonja nthawi zambiri amakhala amenewo. Nanga dzimbirilo lachokera kuti? Lachokera kwa ife tomwe.

Magalimoto ambiri amene tikuyendera anabwera pa sitima kuchokera ku Japan, n'kutsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kulowa m'dziko muno pa Songwe ku Karonga. Amafika ali ndi madzi a mtundu wobiriwira, wofiira kapena wapinki mu rediyeta, aja timati coolant. Madzi amenewa ali ndi mankhwala oletsa dzimbiri komanso sawira msanga. Koma mankhwalawo amatha mphamvu pakapita zaka, ndipo amafunika kusintha. Ife sitisintha. Akachepa timawonjezera a pa mjigo. Mawa a pachitsime. Mkuja a mu mtsinje wa Namadzi, otungira m'chigubu chimene munali mafuta ophikira. Pakutha pa zaka ziwiri kapena zitatu, mu injini mumakhala muli madzi wamba okhaokha, odzadza mchere ndi matope, akudya aluminiyamu ndi chitsulo usana ndi usiku.

Tsono hita ikadontha, ikukuuzani kuti m'kati monse zinthu sizili bwino. Yakutsinani khutu. Mukangoidumphitsa n'kupitiriza kuthira madzi a pa mjigo, mwatseka pakamwa wamthenga, koma uthenga wake ukadali pomwepo. Dzimbiri lomwelo likudya rediyeta yaikulu, likudya pampu ya madzi, likutseka tinjira ta madzi m'mutu mwa injini.

Malume anga anaphunzira zimenezi mu October chaka chomwecho. Dzuwa lili pamutu, akukwera chitunda atanyamula matumba a chimanga, galimoto inawira n'kuzima. Ulendo uno inabooka ndi rediyeta yaikulu, ndipo poti iwo anakakamiza kuti afike kaye pamwamba, gasiketi inapsa, mutu wa injini n'kupindika. Mkulu wina wachikulire amene anaitsegula anandiitana kuti ndidzaone madzi amene anatuluka. Anali ofiirira, olemera ngati thobwa la mawere.

"Mwana wanga, galimoto iyi inayamba kale kulira," anatero mkuluyo. "Amalume akowa ndi amene sankamva."

Galimoto inakhala pa mawe miyezi iwiri. Matimati anapsera m'dimba, ena anatengedwa ndi mavenda pa mtengo wolira. Fizi ya mwana wawo wa ku sekondale tinachita kusonkherana pachibale.

Sindikunyoza umphawi wa munthu. Ndikudziwa kuti kusintha hita si masewera. M'magalimoto ambiri amayenera kumasula dashibodi yonse kuti aifikire, ntchito ya tsiku lathunthu kapena kuposa. Ndikudziwanso kuti ndalama ya kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo sipeya iliyonse yochokera kunja inakwera mtengo moopsa. Munthu amene akusankha pakati pa thumba la feteleza ndi hita, palibe angamudzudzule akasankha feteleza.

Koma pali zimene zili zotheka ngakhale thumba litapyapyala. Mukadumphitsa hita, tsiku lomwelo uzani makaniko akhuthule madzi onse akale, atsuke m'kati mpaka madzi azituluka oyera, n'kuthiramo coolant woyenera galimoto yanu monga momwe alembera pa botolo. Ayang'anenso chitsekerero cha rediyeta ndi mapayipi onse. Ndalama yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya gasiketi ndi kupala mutu wa injini. Kenaka sungani pang'onopang'ono kuti mwezi wa May usanathe, hita ikhale itabwerera m'malo mwake. Kwa ogulitsa masipeya akale ku Ndirande kapena ku Limbe imapezeka, koma muiyese kaye ndi mpweya m'beseni la madzi musanalipire, kuopa kugula yobooka inzake n'kumasula dashibodi kawiri.

Za mazira, ufa, tsabola kapena sopo zimene ena amathira mu rediyeta kuti zitseke pobooka, chonde zisiyeni. Zimatsekadi kwa masiku angapo, koma sizisankha potseka. Zimatsekanso timachubu tabwinobwino, injini n'kumatentha kuposa kale. Ngakhale mankhwala a m'sitolo otsekera podontha ndi ongofikira nawo kunyumba basi.

Ndichenjezenso za ngozi ziwiri. Musatsegule chitsekerero cha rediyeta injini ili yotentha. Madzi ake amatumphuka ngati kasupe ndipo amasenda khungu la nkhope. Dikirani mpaka muzitha kugwira payipi yapamwamba ndi dzanja. Ndipo coolant ndi poizoni. Muli mankhwala otchedwa ethylene glycol amene amakoma ngati shuga koma amawononga impso, ndipo akhoza kupha mwana, galu kapena mphaka. Musamusunge m'botolo la zakumwa, musamutaye pabwalo pamene ana akusewera kapena pafupi ndi chitsime. Hita ikamadontha muli paulendo, zimitsani fani, tsegulani mawindo, ndipo kapeti yonyowayo mukaichape n'kuiyanika.

Mwina simukudziwanso kuti hita yamoyo ndi bwenzi pa tsoka. Muvi ukayamba kukwera muli pa chitunda, kuyatsa hita mpaka pamapeto kumachotsako kutentha kwa injini, n'kukupatsani mpata wofika pamalo abwino oimapo. Mudzatuluka thukuta, inde, koma injini idzapuma. Amene anaidumphitsa mwayi umenewu alibe.

Kwa inu achimwene a m'magalaja, ntchito yanu timaiyamika, mumatipulumutsa ndi zipangizo zochepa. Koma mukadumphitsa hita muzimuuza mwini galimoto zoona zake: kuti mwangomanga bala, matenda akadalipo. Musamuuze kuti kuno si ku Japan. Chifunga cha pa Njuli sichifunsa kuti galimoto inachokera dziko liti.

Nanu apaulendo anzanga, mukakwera galimoto m'mawa wa chiperoni n'kuona woyendetsa akupukuta galasi ndi chipewa uku akuthamanga, musachite manyazi. Muuzeni achepetse liwiro, atsitse windo. Moyo ndi wanu.

Galimoto ya malume inabwerera pamsewu, hita ili m'malo mwake, ndipo chigubu cha madzi a pa mjigo chija anachichotsa m'buti. Bambo wa mkaka uja sindimudziwa dzina, koma nthawi zonse ndikadutsa pa Njuli m'mawa ndimayang'ana m'mbali mwa msewu, kuona ngati ndingamuzindikire.