Singano ndi Mphika: Tiyambe Tayesera Kunyumba

Pa maphunziro amene tidzaphunzitse m'sukulu za pulayimale, kusoka ndi kuphika ndi amene amaulula msanga mphunzitsi wosakonzekera. Samu ikalakwika pa bolodi timafufuta n'kuyambiranso, koma nsalu yodulidwa molakwika silumikizika, ndipo ufa ukapserera, kholo limene linaugula movutikira silidzatumizanso wina. Motero n'kofunika kuti ife tonse, amuna ndi akazi omwe, tizisoka ndi kuphika pa nthawi yathu yopuma, mongodzisangalatsa, tisanaime pamaso pa ana. Tiyeni tione zitsanzo ziwiri.

Kusoka thumba la mabuku

Nsalu yatsopano ya thonje imafupika ikachapidwa koyamba. Tsono tiyenera kuichapa ndi kuisita tisanaidule. Pambuyo pake tiyeze. Ngati tikufuna thumba la masentimita 30 m'lifupi ndi 35 kuya kwake, sitingadule muyeso womwewo ayi. Msoko uliwonse wa m'mbali umadya sentimita imodzi ndi theka, choncho m'lifupi tidule 33. Popeza nsaluyo tidzaipinda pakati, m'litali tifunika 70, ndipo tiwonjezere masentimita 4 kunsonga iliyonse a mpendero wa pakamwa, kuti onse pamodzi akhale 78. Chitenje cha mamita awiri chitipatsa zidutswa 6 zotere, ndipo nsalu yotsala m'mphepete ikwanira zogwirira.

Tiyambe tagwiriza mbali ziwirizo ndi msoko wotalikirana, umene tidzauchotse pomaliza, kenaka tisoke msoko wobwerera m'mbuyo, pakuti ndiwo wolimba kuposa misoko ina ya pamanja. Ulusi usatalike kupitirira kuchokera kuzala kufika pachigongono, chifukwa wautali umapotana n'kumanga mfundo.

Kuphika payi

Payi ndi chakudya chokhala ndi chikhokho cha ufa wa tirigu kunja, ndipo m'kati mwake timaikamo nyama, ndiwo zamasamba kapena zipatso monga chinanazi ndi mango. Lamulo la chikhokhocho ndi lapafupi: mafuta akhale theka la kulemera kwa ufa. Pa magalamu 200 a ufa tiikepo magalamu 100 a majarini, kamchere pang'ono ndi masupuni aakulu atatu a madzi ozizira.

Majarini tiwafikise mu ufa ndi nsonga za zala mpaka zioneke ngati nyenyeswa za buledi, ndipo madzi abwere pambuyo. Chifukwa chake n'chakuti ufa wa tirigu ukanyowa n'kukandidwa umapanga chinthu chonanda chotchedwa gluteni. Pophika buledi timachifuna, n'chifukwa chake timakanda nthawi yaitali. Pa payi sitichifuna chochuluka. Mafuta amakuta ufa kuti madzi asaulowerere, ndipo chikhokho chimatuluka chofumbutuka m'kamwa. Tikakanda kwambiri, payi amauma gwa.

Mtandawo upume mphindi 30 pamalo pozizira, kenaka tiutambasule ndi botolo loyera. Zoika m'kati zikhale zophika kale ndi zozizira, kuopa kusungunula mafuta moto usanayambe ntchito yake. Pamwamba tiboolepo kuti nthunzi izituluka. Mu uvuni payi amapsa pa madigiri 200 kwa mphindi pafupifupi 30. Kumene kulibe uvuni titsate njira imene amayi amaphikira chigumu: makala ochepa pansi pa mphika, ambiri pa chivundikiro. Mumphikamo tithiremo mchenga wouma, n'kukhazikapo mbale ya payi kuti asapserere kunsi.

Phindu lake m'kalasi

Tikaonetsetsa, m'ntchito ziwirizi muli masamu. Mwana amene wapeza yekha kuti 30 ayenera kukhala 33 wamvetsa kuphatikiza kuposa amene wangokopera m'kope. Tikafunsa kuti, "Ufa ukakhala magalamu 300, majarini akhala angati?" ndiye kuti taphunzitsa theka popanda choko. Koma mafunso otere amamubwerera mphunzitsi amene anagwirapo yekha ntchitoyo. Amene thumba lake loyamba linatuluka laling'ono, kapena payi wake woyamba anauma, amadziwiratu pamene ana adzaphonye, ndipo amawachenjeza lumo lisanakhudze nsalu.

Pophunzitsa, tiyambe taonetsa sitepe imodzi kwa kagulu kochepa, ana aiyesere pa pepala kapena pa chigamba, ndipo akakhoza tipite pa ina. Tiwerenge masingano popereka ndi polandira. Ana asambe m'manja asanagwire ufa, ndipo makala a moto anyamulidwe ndi mphunzitsi yekha. Tisathamangire kutsiriza, pajatu akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono tchuthi chikubwerachi aliyense wa ife asoke thumba limodzi ndi kuphika payi kawiri, n'kulemba m'kope zonse zimene zinalakwika. Zolembazo ndizo zidzakhale maziko a chikonzekero chathu cha phunziro.