NYUNDO YOBADWIRA KU HARARE: MBIRI YA NATE LANDMAN

Tikanena za mpira kuno kwathu, aliyense adziwa kuti tikunena mpira wa miyendo, uja umene anyamata a ku Bundabunda amamenya madzulo pa bwalo la sukulu atatsekera ng'ombe m'khola. Koma ku America kuli mpira wina umene mwendo ugwira nchito pang'ono cabe. Mpira wace ndi wosongoka mbali zonse ziwiri, ndipo amaunyamula ndi kuuponya ndi manja monga acitira a rugby a Red Arrows ku Lusaka kapena a Diggers ku Kitwe. Mmodzi wa amuna amene achuka m'masewera amenewa anabadwira pafupi ndi ife, tsidya lija la Zambezi, mu mzinda wa Harare umene ena a inu mwafikako pa basi podzera pa Chirundu. Dzina lace ndi Nate Landman.

Poyamba tiyenera kulongosola mmene masewerawa ayendera, pakuti popanda kutero mbiri ya munthuyu singamveke. Timu iriyonse ikhala ndi anthu 11 m'bwalo. Timu imene iri ndi mpira ipatsidwa mipata inai kuti isendeze mpirawo kutsogolo mayadi 10, ndiko kunena mamita 9 ndi pang'ono. Ikakwanitsa, ipatsidwa mipata ina inai. Ikalephera, mpira upita kwa adani. Wofika nao mpira ku mapeto a bwalo apatsa timu yace mapointi 6. Tsono ochinga ali ndi nchito imodzi yokha, ndiyo kugwira munthu wonyamula mpira ndi kumgwetsa pansi asanapite patali. Nkosadabwitsa kuti onse abvala zisoti zolimba ndi zochinjiriza mapewa.

Ochinga aima m'mizere itatu. Kutsogolo kuli zimphona zimene zikankhana ndi zimphona zinzace. Kumbuyo kweni-kweni kuli aliwiro olonda oponyeredwa mpira. Pakati pa mizere iwiriyi paima munthu wochedwa linebacker, ndipo apa ndipo pali malo a Landman. Munthu ameneyu afanana ndi mbusa wozolowera amene ali kupita ndi ng'ombe ku dibi: sayembekeza kuti ng'ombe ithawe, koma aona makutu ndi maimidwe ace, nadziwiratu imene iti ipatukire m'munda wa mwini. Linebacker nayenso ayang'ana mmene adani aimira, nazindikira kumene mpira uti udzere usanacoke m'manja. Akacedwa kuganiza kamphindi kamodzi, mpata wapita.

Landman anabadwa pa 19 Novembala 1998 m'banja la azungu a ku Zimbabwe. Atate ace anasewerapo rugby m'timu ya dzikolo. Banjali linasamukira ku America mwanayo asanayambe ndi sukulu komwe, ndipo anakulira m'tauni ya Danville, m'cigawo ca California, kumene anaphunzira pa sukulu ya Monte Vista. M'caka ca 2017 analowa Yunivesite ya Colorado. Dziwani kuti ku America munthu safika ku mpira wa malipiro podzera m'makalabu a m'komboni monga kuno. Njira yace ndi sukulu, ndipo matimu a mayunivesite asewera pamaso pa anthu zikwi makumi angapo. Ku Colorado mnyamatayu anagwetsa adani mwamphamvu kotero kuti anamucha dzina lakuti "The Hammer", ndiko kuti Nyundo.

Tsoka linamgwera pamene zinthu zinali kukoma. Pa 12 Disembala 2020, posewera ndi timu ya Utah, mtsempha waukulu wa ku cidendene unaduka. Mtsempha umenewu ndiwo ukoka phazi pamene munthu alumpha kapena ayamba kuthamanga, ndipo ukaduka madokotala ausoka, koma mwendo utenga miyezi yambiri kuti ubwerere mwakale. Ena subwerera konse. Landman anabwerera m'bwalo mu Sepitembala 2021, patapita miyezi yosakwana 9, koma caka comweco anabvulalanso phewa nakhala kunja masewera angapo.

Zobvulala ziwirizi zinamtsata kufikira tsiku la cisankho. Ligi yaikulu ya ku America, yochedwa NFL, iri ndi matimu 32, ndipo caka ndi caka mu Epulo matimuwa asankha mosinthana anyamata ocokera m'mayunivesite. M'caka ca 2022 anachula maina 262 m'masiku atatu. Dzina la Landman silinamveke. Akatswiri oyesa osewera anali kuona mnyamata wa cidendene cosokedwa, wa liwiro losapambana. Cimene sanathe kuyesa ndi wochi yao ndi maso ace, ndipo ife tiganiza kuti apa anaphonya, pakuti pa malo a linebacker munthu wodziwa kumene ayenera kuthamangira afika msanga koposa waliwiro amene ayamba wasocera.

Timu ya Atlanta Falcons inamtenga monga wosasankhidwa. Munthu wotere ali ngati waganyu: malipiro ace ndi otsika, ndipo angacotsedwe mmawa uliwonse popanda mlandu. Caka coyamba anasewera pang'ono, ndipo nyengo isanathe anamtsitsira m'gulu la ophunzitsira anzao, amene sabvala yunifomu tsiku la masewera. Timu yomweyi ndiyo inasankha Stansly Maponga, mwana wina wa ku Harare, m'caka ca 2013. Iyeyu anasewera nyengo ziwiri ku Atlanta, kenaka anayenda-yenda m'matimu ena mpaka anakafika ku Canada. Njira ya Landman inaoneka ngati idzakhala yaifupi koposa pamenepo.

Mwai unabwera m'caka ca 2023, ndipo unabwera monga ubwerera kawiri-kawiri m'masewerawa, pa tsoka la mnzace. Troy Andersen, mwini malo, anabvulala kuciyambi kwa nyengo. Landman analowa, nayamba masewera 14, nagwetsa adani ka 110. Ngakhale zinali tero, pofika Malici 2025 a Atlanta anamleka kuti apite. Timu ya Los Angeles Rams inamlemba pangano la caka cimodzi cokha, la ndalama zapafupi ndi malipiro otsikitsitsa a m'ligi.

Ku Los Angeles ndiko kumene nzeru zace zinaonekera poyera. Nyengo isanayambe anasankhidwa kukhala mmodzi wa akapitao a timu, iye ali mlendo wa miyezi yocepa. Anapatsidwanso cisoti ca kadontho kobiriwira. M'cisoti cimeneci muli kawailesi, ndipo mwa ochinga onse 11 ndi mmodzi yekha aloledwa kumva mau a mphunzitsi ali kunja kwa bwalo. Iye auza anzace 10 zocita, pakati pa phokoso la khamu, ndipo wailesiyo aitseka masewera asanayambirenso. Kucokera pamenepo adani akasintha maimidwe, palibe wina womfunsa. Zonse ziri pa mutu wace.

Ali ndi luso linanso limene tifuna kukhalitsapo pang'ono. Ochinga ambiri akafika pa mdani aganiza za kumgwetsa basi. Landman ayang'ana mpira umene mdaniyo waupanira m'khwapa, naumenya ndi nkhonya kuti upulumuke. Mpira ukagwa pansi ukhala wa aliyense amene ayamba kuugwira. Lusoli analichukitsa ndi Charles Tillman wa Chicago Bears zaka za kumbuyoku, ndipo ndi loopsya kwa mwini wace, cifukwa dzanja limene liri kumenya mpira silingagwirenso munthu. Ukaphonya, mdani akudutsa, ndipo dziko lonse liona pa wailesi ya kanema kuti wolakwa ndiwe.

Pa 7 Sepitembala 2025, m'masewera oyamba a nyengo, a Rams anali patsogolo pa Houston Texans ndi mapointi 14 kwa 9. Patatsala mphindi zocepa a Houston anali kuyandikira, ndipo akadafika ku mapeto a bwalo akadakhala patsogolo. Dare Ogunbowale anawakha mpira nayamba kuthamanga. Landman anamfikira naponya nkhonya, mpira unagwa, a Rams anautola, ndipo masewera anatha 14 kwa 9. Mlungu umenewo anachulidwa wochinga wopambana m'cigawo cace ca ligi. Mu Okutobala, posewera ndi Baltimore Ravens, anagwetsa adani ka 17 tsiku limodzi. Mu Novembala a Rams, poopa kuti ena angamlande, anamlembera pangano latsopano la zaka zitatu, la madola 22.5 miliyoni.

Owerenga ena adzaimira pa nambala imeneyi, ndipo sitingawadzudzule. Koma ndalamazi zigula thupi la munthu. Linebacker awombana ndi amuna olemera makilogramu 100 kapena kuposa, kambiri-mbiri pa masewera amodzi, masewera 17 pa nyengo, osawerengera zoyeserera za mkati mwa mlungu. Cisoti cichinjiriza cigaza kuti cisasweke, koma sicingaletse bongo kugwedezeka m'kati. Junior Seau, mmodzi wa malinebacker omveka koposa, amene anasewera nyengo 20, anadzipha m'caka ca 2012 ali ndi zaka 43, ndipo madokotala atapima bongo wace anapeza nthenda yochedwa CTE, imene idza cifukwa ca kugundidwa m'mutu kawiri-kawiri. M'caka ca 2017 akatswiri a pa Yunivesite ya Boston anapima bongo wa anthu 111 amene anasewerapo mu NFL, napeza nthendayi mwa 110. Tiyenera kunena kuti mabanja ambiri amene anapereka matupiwo anali ataona kale zizindikiro mwa abale ao, motero nambalayi siimira osewera onse. Komabe inagwedeza makolo ambiri ku America.

Luke Kuechly wa Carolina Panthers, amene ambiri anali kumuyesa linebacker wanzeru koposa m'nthawi yace, anagundidwa m'mutu kangapo, ndipo mu Januwale 2020 analeka mpira ali ndi zaka 28, matimu akali kumfuna. Landman anasaina pangano lace mlungu womwewo umene anakwanitsa zaka 27, ali ndi cidendene cosokedwa ndi phewa lobvulalapo kale. Panganolo lifika mpaka nyengo ya 2028.