Magazi a mbuzi saiwala: momwe ma antibody amagwirira matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi

Ng'ombe ikayamba kuchucha dovu, kutsimphina ndi kukana msipu, mlimi aliyense mtima umagunda. Zimenezi ndi zizindikiro za matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Amagwira nyama za ziboda zogawanika pakati: ng'ombe, mbuzi, nkhosa, nkhumba ndi njati. Ziweto zikuluzikulu sizifa kawirikawiri, koma mkaka umatsika, ng'ombe zangolo zimalephera kuyenda, ndipo ana a ng'ombe amatha kufa. Matendawa akangotsimikizika, boma limatseka misika ya ziweto ndi kuletsa kuyenda nazo. Banja lomwe limadalira kugulitsa mbuzi kuti lipeze fizi ya teremu ino limangogwira njakata.

Kuno ku Malawi matendawa akhala akubuka kawirikawiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje, komwe ng'ombe zimayandikana ndi njati za ku Lengwe. Njati zimasunga vairasi yake kukhosi osaoneka kudwala. Nanga ife a ku Mangochi zikutikhudza bwanji? Ku Liwonde National Park, pafupi nafe pompa, kulinso njati. Malire a Mozambique ali pa Chiponde pomwepa. Ndipo Idi ikamayandikira, mbuzi ndi ng'ombe zimayenda kuchoka boma lina kupita lina.

Vuto lake ndi lakuti maso okha sangatsimikize matendawa. Alipo matenda ena obweretsa zilonda zofanana. Komanso mbuzi ndi nkhosa nthawi zambiri zimangodwala pang'ono, mwini wake osazindikira n'komwe. Apa ndi pomwe ma antibody amagwira ntchito.

Tikumbutsane za mu Bayoloje. Vairasi ikalowa m'thupi, maselo oyera a m'magazi amapanga timapuloteni tooneka ngati chilembo cha Y. Amenewa ndiwo ma antibody. Kachidutswa ka vairasi komwe antibody amakagwira kamatchedwa antigen. Antibody aliyense ali ngati kiyi wa loko mmodzi: wa chikuku sangagwire vairasi ya chiwewe. Kusankha kumeneku ndiko kumene akatswiri amapezerapo mwayi, ndipo kumawathandiza kuyankha mafunso atatu.

Funso loyamba: vairasi ilipo pano? Mlangizi wa ziweto amatenga kachikopa ka pa thuza la pa lilime kapena madzi a m'thuzamo n'kutumiza ku labotale. Njira imodzi yoyezera imatchedwa ELISA, ndipo inayamba mu 1971. Amagwiritsa ntchito kambale kapulasitiki kokhala ndi timaenje 96. Pansi pa kadzenje kalikonse amamatapo ma antibody odziwika kale. Akathiramo zomwe atenga ku ng'ombe zija, vairasi ngati ilimo imakodwa. Amatsuka, n'kuthiranso ma antibody ena, kenako ena onyamula enzyme. Pomaliza amadonthezamo mankhwala omwe enzyme ija imawasintha mtundu. Kadzenje kakasintha mtundu, ndiye kuti vairasi ilimo. Kakakhala choncho, mulibe. Ma antibody oyezera amenewa amatengedwa m'magazi a akalulu ndi mbira zomwe anazibaya vairasi yakufa. Inde, mbira zomwezi timaweta kukhitchinizi.

Ngati munayezetsapo malungo, mwaiona kale nzeru imeneyi. Kachipangizo kaja kali ndi ma antibody omatidwa pa mzere, ndipo mzere umaoneka akagwira antigen ya tizilombo ta malungo. Zipangizo zotere zilipo za matenda a ziwetowa, zoti n'kuyezera pa khola pomwepo.

Funso lachiwiri: ndi vairasi ya mtundu uti? Vairasi imeneyi ili ndi mitundu 7: O, A, C, Asia 1, SAT 1, SAT 2 ndi SAT 3. Njati za kuno zimasunga ya SAT, pomwe mtundu wa C sunaonekenso padziko lonse kuyambira 2004. Ng'ombe yomwe inachira ku SAT 2 ikhoza kudwalanso O, chifukwa makiyi ake ndi a loko wina. Katemera nayenso ndi chimodzimodzi. Ndiye mu kambale kaja mzere uliwonse amaikamo ma antibody a mtundu wakewake, ndipo mzere womwe wasintha mtundu ndiwo umatchula dzina la wolakwa. Popanda zimenezi dziko likhoza kuwononga ndalama zambiri pa katemera wosathandiza.

Zoyezazi zinafika pakuthwa kwambiri Georges Köhler ndi César Milstein atapeza mu 1975 njira yopangira ma antibody ofanana ndendende, ogwira malo amodzi okha pa antigen. Awa amatchedwa ma monoclonal antibody, ndipo awiriwa analandira nawo mphoto ya Nobel mu 1984. Ndi amenewa ofufuza amatha kudziwa mbali ya chikopa cha vairasi yomwe yasintha.

Funso lachitatu: vairasi inadutsapo kale? Zilonda zikapola, vairasi imasowa m'magazi, koma ma antibody amatsala kwa miyezi yambiri. Amayamba kuoneka pakatha pafupifupi sabata chiweto chitatenga matenda. Apa woyeza amatembenuza zinthu: pansi pa kadzenje amamatapo antigen, n'kuona ngati magazi a chiweto ali ndi ma antibody oigwira. Zipangizo zambiri zoyezera HIV zimagwira ntchito chomwechi. Mbuzi ija inkaoneka yabwinobwino imaululika.

Mwina mwafunsa kale: nanga yomwe inalandira katemera, si nayonso ili ndi ma antibody? Eya, koma pali kusiyana. Katemera amapangidwa ndi vairasi yakufa yosefedwa bwino, ndiye thupi limangoona chikopa chake chakunja. Vairasi yamoyo ikamaswana m'maselo imapanganso mapuloteni ena ogwirira ntchito, monga lotchedwa 3ABC. Chiweto chobayidwa katemera chinangoona malaya a wakuba, pomwe chodwala chinaona malaya ndi zida zake zomwe. Magazi akapezeka ndi ma antibody a 3ABC, akatswiri amadziwa kuti vairasi yamoyo inadutsapo.

Ntchitoyi siithera pa khomo limodzi. Kuno kwathu kuli Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe. Zofuna kufufuza mozama zimapita ku Botswana Vaccine Institute ku Gaborone, komwenso amapanga katemera, kapena ku Pirbright Institute ku England, labotale yaikulu ya matendawa padziko lonse. Kumeneko amasakaniza vairasi yatsopano ndi magazi a ng'ombe zobayidwa katemera. Ma antibody akaifooketsa, katemerayo ndi woyenera. Akaphonya, pafunika wina.

Koma labotale imayeza zomwe yalandira basi. Vairasi imapezeka yambiri m'matuza a masiku oyambirira, ndiye kuchedwa kumawononga umboni. Ambiri a inu mumapita kubusa Loweruka kapena pa holide. Mukaona chiweto chikuchucha dovu kapena kutsimphina, uzani makolo achipatule, asachigulitse kapena kuchimwetsa pamodzi ndi zinzake, ndipo mlangizi wa ziweto adziwe tsiku lomwelo.