CITINI CA KU DZALA CINGAPULUMUTSE ANAPIYE ANU

Thadzi likaswa anapiye khumi pamudzi, banja lonse limakondwera, ndipo ena amayamba kuwerengeratu ndalama za sopo ndi za sukulu. Ikapita miyezi iwiri mudzapeza thadzi lija likuyenda ndi anapiye atatu kapena awiri okha. Mukafunsa mwini wace, adzakuuzani kuti mphamba ndiye anawatha. Nzoona kuti mphamba, khwangwala ndi likongwe amatengako gawo lao, koma alipo anapiye ambiri amene amafa mwini wace osadziwa cowapha. Ena amamira m'beseni la madzi otsukira mbale, ena amafooka ndi ludzu potsata mai wao ku chire dzuwa liri paliombo, ndipo ena amamwa madzi a m'zithaphwi zodzala ndi zitosi nayamba kutsegula m'mimba. Mwana wa nkhuku wofooka ndiye amene mphamba amayamba kumtola.

M'masitolo a m'tauni muli zomwera ndi zodyera za nkhuku zopangidwa ku fakitale, zokongola ndithu, koma mlimi wa nkhuku zowerengeka sangataye ndalama zace pa zimenezo, ndipo ife sitimuimba mlandu. Cimene tifuna kuti adziwe ndi cakuti zipangizo zonse zofunika pa khola laling'ono ali nazo kale, kungoti ziri ku dzala kapena kuseri kwa nkhokwe. M'zaka za m'ma 1950 palafini ankabwera m'madebe a magaloni 4, ndiwo malita ngati 18, ndipo makolo athu sankataya debe: ankatungira madzi, kuyezera cimanga, ngakhale kuliphwanya ndi kukhomera citseko. Lero malo a debe anatengedwa ndi zigubu za pulasitiki za mafuta ophikira, za malita 5 ndi za malita 20. Pamodzi ndi zitini, mapale, madengu otha ndi nsungwi, zimenezi zikwanira.

MADZI NDIWO OYAMBA

Anthu ambiri amakumbukira kuwaza misere pabwalo m'mawa, koma za madzi amati nkhuku idzadzionera yokha. Uku ndi kulakwa kwakukulu. Thadzi loikira limamwa madzi ngati kapu imodzi yodzala pa tsiku, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo anai a lita, ndipo m'mwezi wa Okotobala, pamene nkhuku zimayasama kukamwa ndi kugwetsa mapiko cifukwa ca kutentha, lingamwe kawiri kuposa pamenepo. Cotero nkhuku 10 zifuna malita awiri ndi theka pa tsiku lozizira, ndi malita 5 pa tsiku lotentha. Za m'kati mwa dzira, magawo atatu mwa magawo anai ndi madzi. Thadzi likakhala ndi ludzu tsiku limodzi lathunthu lingaleke kuikira masiku angapo, ndipo mwini wace amayamba kuganizira galu wa mnansi wace kuti ndiye akuba mazira.

Comwera ca anapiye cimapangidwa motere. Tengani citini cimene munali mkaka waufa kapena nsomba, cosadontha pansi, ndipo mucitsuke bwino. Pezaninso mbale yakale yosazama, kapena cibvundikiro ca mphika, yoposa citinico m'mimba mwace ndi zala ziwiri mbali zonse. Ndi msomali boolani tizibowo tiwiri pafupi ndi kukamwa kwa citini, sentimita imodzi kucokera pa mlomo wace. Dzazani citini ndi madzi, bvundikirani ndi mbale ija, gwirani zonse ziwiri ndi manja, ndipo muzizondotse msanga kuti mbale ikhale pansi, citini pamwamba. Madzi adzatuluka pang'ono nazungulira citini, ndipo akafika pa tizibowo adzaleka okha.

Ana a sukulu amadabwa poona ici, ngakhalenso akulu ena, koma palibe matsenga. Madzi sangatuluke m'citini ngati mpweya sulowa kukatenga malo ao. Madzi a m'mbale akatseka tizibowo, mpweya ulibe polowera, ndipo otsala m'citini amangokhala. Anapiye akamwako, madzi a m'mbale amatsika, kabowo kamaonekera, mpweya umalowa ndi kaphokoso kakuti bwibwibwi, ndipo madzi ena amatuluka kufikira kabowo katatsekekanso. Mukamvetsa zimenezi mudzadziwa nokha cifukwa cace comwera cina cimakana. Ngati citini ciri ndi kabowo ku tako kwace, mpweya umalowera kumeneko ndipo madzi onse amatayika nthawi imodzi. Ngati munaboola kutali ndi mlomo, kuposa kuzama kwa mbale, madzi amasefukira. Ngati mwaciika potsetsereka, madzi amathawira mbali imodzi. Ikani comweraco pa njerwa yoyalidwa bwino, ndi mwala pamwamba pace kuti mai wa anapiye asacigwetse. Sabata loyamba ikani timiyala toyera m'mbalemo, kuti mwana wa nkhuku akapondamo asanyowe thupi, pakuti wonyowa amazizidwa nafa msanga.

Nkhuku zazikulu zifuna cacikulupo. Cigubu ca malita 5 cidulidwe mazenera awiri kapena atatu m'mbali mwace, okwanira mutu ndi khosi la nkhuku, kusiya pansi masentimita ngati 10 osungira madzi. Cimangirireni ku mtengo ndi cingwe pa cigwiriro cace, cilendewere molingana ndi msana wa nkhuku. Cikakhala pamenepo nkhuku sizingapondemo kapena kupalasiramo dothi. Koma pulasitiki ali ndi bvuto lace: pa dzuwa amatenthetsa madzi, nkhuku nkumawakana, ndipo m'kati mumamera ndere. Malo ace ndi pa mthunzi.

Pa nkhani ya kuziziritsa madzi, mbiya ya dothi iposa zonse. Dothi lootcha limatuluka thukuta, ndipo thukutalo likamauma limacotsa kutentha m'madzi, monga amai onse adziwa za mtsuko wa m'nyumba. Mbiya yobenthuka kukamwa, imene sangapitenso nayo ku citsime, ikwiriridwe theka m'nthaka pansi pa mtengo, ndipo m'kati muikidwe mwala waukulu wofika pamwamba pa madzi, kuti kamsoti kakagweramo kapeze pokwera. Comwera ciri conse cikhuthulidwe ndi kutsukidwa ndi mcenga kapena phulusa tsiku ndi tsiku. Madzi ogonera sabata lonse ndi nyumba ya udzudzu, ndipo udzudzuwo sudzaluma nkhuku zokha.

CODYERA

Gaga wothiridwa pansi amatha ndi mphepo, mbuzi ndi mapazi a nkhuku zomwezo. Codyera cosabvuta ndi nsungwi yaikulu yong'ambidwa pakati, yodulidwa kuseri kwa mfundo kuti mfundozo zitseke mbali zonse ziwiri. Ikhomereni pa timitengo tiwiri topingasa kuti isagubuduke, ndipo mumange waya kapena kamtengo kowonda pamwamba m'litali mwace, kuti nkhuku ilowetse mutu wokha. Kumene kulibe nsungwi, cigubu ca malita 20 codulidwa m'litali cimapatsa zodyera ziwiri. Musadzaze kufikira pa mlomo. Theka likwanira, pakuti nkhuku imasankha ndi mlomo nkumataya kunja cimene siicifuna. Citini ciri conse codulidwa cipindidwe m'mphepete ndi nyundo kapena mwala, kuopa kuceka lipombo la tambala ndi zala za ana.

Cinthu coopsa m'codyera ndi cinyezi. Gaga kapena nsinjiro zonyowa zikagonera zimacita cuku, ndipo cuku cina cimatulutsa poizoni wochedwa aflatoxin, amene amaononga ciwindi. M'caka ca 1960 ku England kunafa nkhukundembo zoposa 100,000, ndipo atafufuza anapeza kuti cinazipha ndi ufa wa mtedza wacuku wocokera ku Brazil. Mtedza ndi cimanga cathu zimagwidwa ndi cuku comweco zikasungidwa ponyowa. Mwambo wakuti cimanga coola ndi ca nkhuku uyenera kutha. Mukafuna kupatsa gaga wonyowetsa, perekani wongokwana kutha nthawi yomweyo, ndipo wouma musunge m'ndowa yabvundikiro, pamwamba pa njerwa, kumene makoswe sangafike.

Kacitini kena kakang'ono kakhomeredwe pa mzati wa khola, kosungiramo zigoba za mazira kapena za nkhono. Zigoba za mazira muyambe mwaziotcha pa phale ndi kuzisinja, pakuti mukaziponya zathunthu nkhuku zimaphunzira kujompha mazira ao, ndipo khalidwe limenelo silitha msanga. Thadzi losowa laimu wa m'zigoba limaikira mazira ofewa. Nkhuku zotsekeredwa zifunanso timiyala ta kumtsinje, popeza nkhuku iribe mano ndipo imapera cakudya ndi timiyala m'nthutumba mwace.

Mphika wosweka uli ndi nchito inanso imene alimi a ku Togo ndi Burkina Faso amaidziwa bwino, ndiyo kukola ciswe. Amadzaza mphikawo ndi ndowe youma, mapesi oduladula ndi udzu, nawaza madzi pang'ono, naubvundikira pa njira ya ciswe pafupi ndi culu. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri, m'mamawa, amaubvundukula uli wodzala ndi ciswe, nakakhuthulira anapiye. Kwa mwana wa nkhuku amene akungodya gaga, ciswe ndico ndiwo. Musachere mphikawo pafupi ndi nyumba kapena nkhokwe, kuopa kuitanira ciswe ku mitengo yanu.

CISA

Thadzi lopanda cisa limakaikira ku chire, kumene njoka ndi agalu amagawana nalo. Dengu lotha, mkhate wosweka mbali imodzi, kapena cigubu ca malita 20 codulidwa khomo m'mbali, zonsezi ndi zisa zabwino, malinga zikhale ndi malo ngati masentimita 30 mbali zonse, ndipo ziikidwe pa mdima pang'ono. Pansi pa cigubu mpoterera, cotero yalani dothi louma ndi phulusa, kenaka udzu wofewa, kuti mazira asagubuduke ndi kuzizira. Thadzi lacikuda lipatsidwe mazira 10 kapena 12. Mukaonjeza, a m'mphepete sapeza kutentha ndipo amasukusa. Limafungatira masiku 21, ndipo masiku onsewo comwera ndi codyera zikhale pafupi, kuti lisamasiye mazira nthawi yaitali.

Mdani wa thadzi lofungatira ndi utitiri, umene umabisala m'ming'alu usana nuyamwa magazi usiku, kufikira thadzi litathawa mazira. Apa katoni ya pepala iposa dengu, cifukwa anapiye akaswa mungaitenthe pamodzi ndi udzu wace osadandaula. Cigubu ndi mkhate zitsukidwe ndi madzi otentha ndi kuyanikidwa pa dzuwa. Thayala lakale lodzazidwa ndi mcenga wouma ndi phulusa ndi bafa ya nkhuku. Liboolenitu pansi kuti lisasunge madzi a mvula. Anapiye akaswa, dengu lalikulu lolukidwa motalikana libvundikiridwe pa iwo pa mthunzi, comwera ca citini ciri m'kati, ndipo lizisunthidwa pa malo atsopano tsiku liri lonse kwa masabata anai oyamba.

ZOTENGERA ZOSAYENERA

Si citini ciri conse cimene ciyenera kufika ku khola. Botolo kapena cigubu cimene munali mankhwala opopera thonje, fodya kapena ndiwo zamasamba, ngakhale oteteza cimanga ku anankafumbwe kapena osambitsira ng'ombe, cisagwiritsidwe nchito konse. Ena amati anatsuka katatu, koma poizoni amalowerera m'pulasitiki, ndipo kamene katsalamo kakwanira kupha mwana wa nkhuku kapena kulowa m'mazira amene ana anu adzadya. Comweconso zitini za penti, zigubu za oilo wa galimoto ndi mabokosi a mabatire, amene ali ndi mtovu. Lamulo lace nlosabvuta kukumbukira: ngati simungamwere inu, nkhukunso isamwere.

Cotsiriza ndi citopa, cimene ena amati cideru. Matendawa anadziwika koyamba m'caka ca 1926 ku cilumba ca Java ndi ku Newcastle ku England, ndipo m'mabuku amachedwa ndi dzina la mzinda umenewo. Amafala kudzera m'zitosi ndi mamina a nkhuku yodwala, ndipo comwera cimodzi cingapatsire khola lonse. Musabwereke comwera, dengu kapena katoni kwa mnansi amene nkhuku zace zafa, ndipo nkhuku yogula ku msika, ngakhale tambala wakuda wa Mikolongwe wooneka wathanzi, ikhale payokha ndi citini cacecace masabata awiri isanasakanizidwe ndi zinzace. Kutsuka zitini kumacepetsa matenda koma sikulowa m'malo mwa katemera. Katemera wa I-2 ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku iri yonse, yaikulu ndi yaing'ono yomwe, miyezi 4 iri yonse. Funsani Mlangizi wa Ziweto wa kwanu tsiku la katemera cirimwe cisanafike, ndipo usiku wace mutsekere nkhuku zonse m'khola kuti pasakhale yothawa.