Ndalama Zimabwezedwa, Koma Mbiri ya Ngongole Imatsala Yothimbirira

Khadi la ngongole, lomwe banki imapereka kwa munthu kuti azigulira katundu ndi ndalama za bankiyo n'kumabweza pambuyo pake, likagwera m'manja mwa mbava, ambiri amangodandaula za ndalama zimene zatengedwa. Komatu ku United States, kumene makhadiwa ndi ofala kwambiri, ndalamazo ndi mbali yochepa chabe ya vutoli, chifukwa lamulo silimalola kuti mwini khadi alipitsidwe madola oposa 50 pa zimene wina wagula popanda chilolezo chake, ndipo lamulo la Fair Credit Billing Act la mu 1974 limam'patsa masiku 60 oti akatsutse ngongole iliyonse imene sakuidziwa. Chimene chimavuta kukonza ndi mbiri yake ya kabwezedwe ka ngongole.

Mbiriyi imasungidwa ndi makampani atatu akuluakulu, Equifax, Experian ndi TransUnion, omwe amalandira kuchokera kwa obwereketsa ndalama chiwerengero cha ngongole za munthu aliyense ndi mmene akubwezera. Kuchokera pa mbiriyi kumawerengedwa malikisi, ndipo odziwika kwambiri ndi a FICO, omwe amayambira pa 300 n'kulekezera pa 850. Pa malikisiwa, magawo 35 pa 100 aliwonse amachokera pa kubweza ngongole m'nthawi yake, pomwe magawo 30 amachokera pa kukula kwa ngongole zimene munthu ali nazo, makamaka poyerekeza ndi malire amene banki inamuikira. Mbava imagunda magawo awiri omwewa.

Ikaba nambala ya khadi lomwe lilipo kale n'kugula katundu mpaka kufika pamalire, malikisi amatsika, ngakhale kuti amakweranso banki ikangochotsa ngongoleyo. Choopsa kwenikweni ndi pamene mbava yatenga dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ya Social Security, yomwe boma limazindikirira nayo munthu, n'kutsegula khadi latsopano m'dzina lake, makalata okumbutsa ngongole n'kumapita ku adiresi ina. Mwini dzina sabweza chifukwa sakudziwa kuti ali ndi ngongole, ndipo pakatha masiku 30 banki imatha kum'lembetsa kuti wachedwa, chilema chimene chimakhala pa mbiri yake kwa zaka 7 ngati sichinatsutsidwe. Ena amadzazindikira pamene akanizidwa ngongole ya nyumba, kapena pamene kampani yotolera ngongole yayamba kuwaimbira foni.

Apa m'pamene nkhaniyi imakhudzira chiwongoladzanja, ndalama yowonjezera imene wobwereka amalipira pamwamba pa zimene anatenga. Banki imaika chiwongoladzanja molingana ndi mantha ake akuti ndalama sizibwerera, choncho wa malikisi otsika amalipira zambiri pa ngongole yofanana ndi ya mnzake, ndipo pa ngongole ya nyumba yobweza zaka 30, kusiyana kwa peresenti imodzi yokha kumasanduka madola masauzande ambiri. Mabanki amene anam'patsa kale makhadi angathenso kum'chepetsera malire kapena kum'kwezera chiwongoladzanja pa zimene adzagule m'tsogolo, ngakhale kuti lamulo la CARD Act la mu 2009 linaletsa kukweza chiwongoladzanja cha chilango pa ngongole yakale pokhapokha munthu atachedwa masiku oposa 60. Eni nyumba zalendi nawonso amayang'ana mbiri yomweyi asanam'landire munthu.

Kukula kwa ngoziyi kunaonekera mu 2017, pamene akuba a pa intaneti anathyola makompyuta a Equifax n'kutenga zinsinsi za anthu pafupifupi 147 miliyoni. Nambala ya khadi imasinthidwa tsiku limodzi, koma tsiku lobadwa silisinthika, moti zimene zinabedwa nthawi imeneyo zingagwiritsidwe ntchito kwa zaka zambiri. Mu 2019 kampaniyi inavomera kulipira ndalama zofika madola 700 miliyoni, ndipo kuyambira mu September 2018 nzika iliyonse ili ndi ufulu wotseka mbiri yake kwaulere kuti wina asatsegule nayo ngongole. Lamulo la Fair Credit Reporting Act la mu 1970 limalamulanso makampani atatu osunga mbiri aja kufufuza dandaulo m'masiku 30.

Komabe chilungamo cha malamulowa n'chosakwanira, pakuti ntchito yolemba makalata, kusonkhanitsa umboni ndi kulondalonda makampani atatu osiyana imagwera munthu amene sanalakwe, amenenso sanasankhe kuti Equifax isunge zinsinsi zake. Ku Malawi, kumene lamulo la Credit Reference Bureau Act linakhazikitsidwa mu 2010 ndipo Reserve Bank of Malawi ndi imene imapereka ziphaso ku makampani osunga mbiri ya ngongole, makhadi a ngongole sanafale, koma ngongole yotengedwa pa foni ndi chiphaso cha mwini wina ingathimbiritse dzina la munthu mwa njira yomweyi.