Chisankho cha ku India: Zinthu 8 Zovuta Kuzikhulupirira

Chisankho chikatha, anthu amakamba za amene wapambana ndi amene wagwa chagada. Za anthu amene anasenza katundu wa chisankhocho sizimveka kawirikawiri. Ku India, kumene amasankha aphungu 543 a nyumba ya malamulo ya Lok Sabha, nkhani ya osenza katunduwo ndiyo yochititsa kaso kuposa ya andale.

1. Ovota ndi ochuluka mosayerekezeka. Pa chisankho cha 2024 anthu pafupifupi 968 miliyoni anali m'kaundula wa ovota. Kuno ku Malawi, bungwe la MEC linalemba anthu pafupifupi 7.2 miliyoni pa chisankho cha pa 16 September 2025. Ndiye kuti pangafunike kaundula wathu woposa 130 kuti tifike pa wa Amwenye. Amene anapitadi kukaponya voti anali 642 miliyoni, ndipo 312 miliyoni mwa iwo anali amayi.

2. Kuvota kumatenga mwezi ndi theka, kuwerenga tsiku limodzi. Mu 2024 anayamba pa 19 April, namaliza pa 1 June, m'magawo 7. Chimene chimachedwetsa si ulesi ayi, koma achitetezo. Palibe apolisi ndi asilikali okwanira kulondera malo oponyerapo voti oposa 1 miliyoni tsiku limodzi. Choncho dera lina likavota, achitetezo omwewo amakwera sitima ulendo wa kudera lotsatira. Sitima zapadera zonyamula anthuwa zinali 135. Ogwira ntchito onse pamodzi ndi achitetezo anali pafupifupi 15 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo ndi aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'boma, monga zikhalira kwathu kuno. Pa 4 June anatsegula makina, ndipo dzuwa lisanalowe zinali zitaoneka kale kumene mphepo ikulowera.

3. Voti imalondola munthu kumene ali. Bungwe loyendetsa zisankho la dzikolo limafuna kuti wovota asayende mtunda woposa makilomita 2. Papepala zimaoneka zophweka, koma pansi ndi thukuta lokhalokha. Mkati mwa nkhalango ya Gir ku Gujarat, kumene kumakhala mikango, muli kachisi pamalo otchedwa Banej, ndipo wovota wake ndi mmodzi yekha: wansembe wa pakachisipo. Chisankho chilichonse gulu la ogwira ntchito limalowa m'nkhalangomo ndi makina, inki ndi mapepala onse, kukakonza malo monga achitira mumzinda. Ku Malogam, mudzi wa m'mapiri ku Arunachal Pradesh kufupi ndi malire a China, ogwira ntchito anayenda pansi makilomita pafupifupi 40 mu 2024 chifukwa cha mayi mmodzi. Wina anganene kuti kumeneko n'kuwononga ndalama za misonkho, popeza voti imodzi singasinthe kanthu pakati pa mamiliyoni. Ine ndimaona kuti m'pamene pagona ulemu wa chisankho chonsecho: boma ndilo likuvutikira nzika, osati nzika kuvutikira boma. Madera ena katundu amapita pa helikopita, pa boti, pa ngamila ngakhalenso pa njovu.

4. Malo ena ali pamwamba kuposa Sapitwa. Mudzi wa Tashigang ku Himachal Pradesh uli pamtunda wa mamita pafupifupi 4,650, pamene nsonga ya phiri la Mulanje ili pa mamita 3,002. Kumeneko mpweya ndi woperewera, ndipo ovota ake safika n'komwe 100.

5. Inki yonse imachokera ku fakitale imodzi. Kuyambira 1962, kampani ya boma ya Mysore Paints and Varnish ndiyo yokha imapanga inki yopaka pa chala cholozera cha kumanzere. Muli mankhwala a silver nitrate amene amadetsa khungu akakumana ndi kuwala, n'chifukwa chake sopo salimbana nayo. Mu 2024 anatumiza timabotolo toposa 2.6 miliyoni, ndipo kamodzi kamakwanira anthu pafupifupi 700.

6. Makina ovotera sadalira magetsi kapena intaneti. Amayendera batire, ndipo dziko lonse lakhala likuwagwiritsa ntchito kuyambira 2004. Munthu akadina batani, kapepala kosonyeza chizindikiro chimene wasankha kamaonekera pagalasi kwa masekondi 7, kenaka n'kugwera m'bokosi lomata. Koma makinawo anakumana nazo ku Nizamabad mu 2019. Alimi okwiya ndi mitengo ya zokolola zawo anaganiza zoima okha pa chisankho, mpaka opikisana anafika 185 pa mpando umodzi. Pamalo aliwonse oponyerapo voti anachita kulumikiza makina 12 kuti mayina onse akwane.

7. Chisankho choyamba chinalibe chochonga. Chinachitika kuyambira October 1951 mpaka February 1952, motsogozedwa ndi Sukumar Sen, ndipo ambiri mwa ovota 173 miliyoni sankadziwa kuwerenga. Wopikisana aliyense anali ndi bokosi lakelake lokhala ndi chizindikiro chake, wovota n'kungoponyamo pepala. Zizindikiro zoterezi zilipo mpaka lero: duwa, chikhatho, njinga, njovu, tsache. Amene anaona nyali ndi tambala wakuda pa referendamu ya 1993 sangadabwe nazo. Chomvetsa chisoni n'chakuti amayi pafupifupi 2.8 miliyoni anachotsedwa m'kaundula. Mwambo sunkawalola kutchula dzina lawo kwa mlendo, choncho analembetsa kuti "mkazi wa uje" kapena "mwana wa uje". Sen anakana kulandira zoterozo, pofuna kuti ulendo wotsatira mayi aliyense adzalembedwe m'dzina lake.

8. Ntchitoyi imapha, ndipo ziphuphu sizigona. Gawo lomaliza la 2024 linagwa m'nyengo ya kutentha koopsa, ndipo ku Uttar Pradesh kokha ogwira ntchito 33 anamwalira. Mbali inayi, magulu oima pa misewu anagwira ndalama, mowa, mankhwala ozunguza bongo, golide ndi mphatso zogulira mavoti za mtengo wa pafupifupi marupi 100 biliyoni. Pa chifukwa chomwechi, mabala ndi mashopu a mowa amatsekedwa kwa maola 48 kuvota kusanathe m'dera lililonse, ndiponso pa tsiku lowerenga mavoti.